Malaya Oyera a Aphunzitsi Gerevazio

Ndinatsika pa Dedza chifukwa miyendo inachita dzanzi. Ulendo unali wa ku Lilongwe. Minibasi inandisiya m'mbali mwa msewu n'kulowa m'chifunga, kulira kwake n'kumatherathera. Phiri silinkaoneka. Mitengo ya paini inkaoneka nsonga zokha, ngati yapachikidwa m'mwamba. Chinali chaka cha 1999, mwezi wa Meyi, chisankho chili pafupi.

Ndine Kenan, mwana wa ku Ndirande. Sindikhalitsa malo amodzi. Limbe, Zomba, Mzuzu, konseko ndinagwirako ntchito yosindikiza zithunzi. Anthu a pamalo akangoyamba kundipatsa moni ndi dzina, mapazi amayamba kuyabwa.

Kuseri kwa msika ndinapeza situdiyo ya a Habib. Munthu wamfupi, wa ndevu zometa bwino, wokonda tiyi wa zonunkhira. Anali atabwera ndi kompyuta kuchokera ku Joni, pamodzi ndi sikana ndi pulinta. Zonse anazifunditsa nsalu ngati zikudwala malungo.

"Mumazitha izi?" anandifunsa.

"Ndimazitha."

"Khalani mpaka kuzizira kuthe."

"Masiku ochepa chabe."

"Onse amatero," anatero, akundithirira tiyi.

Ntchito yake inali yosavuta kuinena. Munthu abwere ndi kachithunzi kakang'ono. Ndikaike pa sikana, kaonekere pa galasi la kompyuta. Ndikakuze, ndikonze mitundu, pulinta ilavule chithunzi chachikulu. Kuinena kokha ndiko kunali kosavuta.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera bambo wachikulire pa njinga. Wamtali, woonda, mame ali m'nsidze. Anavala malaya oyera opanda juzi, kunja kukuzizira mpaka kuluma makutu. Anayedzamitsa njinga pakhoma n'kugogoda pa chitseko chotsekula kale.

"A Shehe, mwadzuka?"

A Habib sanali shehe ayi. Anaseka.

"Ndadzuka, aphunzitsi. Lero ndiye mwabwera kudzalowa Chisilamu?"

"Ndimati ndidzakubatizeni, koma madzi aundana panjira."

Awa anali a Gerevazio, katekisiti wa katchalitchi kena kuseri kwa Bembeke. Anthu ankangowatchula kuti aphunzitsi. Anatulutsa m'thumba pepala la shuga lopindapinda. M'kati mwake munali kachithunzi. Iwo omwe, ataima kutsogolo kwa mpanda wa maluwa, manja kumbuyo, malaya omwewo oyera.

Anafotokoza. Akhristu a kwawo anagwirizana kuwathokoza pa zaka zonse zomwe atumikira. Lamulungu likudzalo bambo mfumu abwera kudzachita Misa. Ikatha, chithunzi chachikulu chivundukulidwa pakhoma.

"Ndinakana," anatero. "Ndinati dikirani ndife kaye. Akuti akufuna ndidzionere ndekha."

Ndinaika kachithunzi pa sikana. Kuwala kunayenda pansi pa chivundikiro. Kenaka a Gerevazio anayamba kutsika pa galasi, kuyambira kumutu. Imvi. Mphumi. Maso. Kolala. Mwini wake anasendera pafupi, chipewa chili m'manja.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, bambo."

"Akuwala bwanji! Ngati wameza nyali."

Anayang'ana nthawi yaitali. Malaya a pa galasi anali mbee, oyera kuposa omwe anavala. M'chipindamo munali kamdima, ndipo nkhope ija inkaoneka ngati ikuyandama pamwamba pa tebulo.

"Ndikufuna ameneyu," anatero. "Musamusinthe."

Ndinadina. Pulinta inatsokomola, n'kuyamba kukoka pepala pang'onopang'ono. Linatuluka lofunda. Ndinawapatsa.

Analigwira ndi manja awiri. A Habib anasuzumira paphewa pawo, anayamba kuseka, kenaka kuseka kunawathera pakamwa. Malaya a pa pepala sanali oyera. Anali ndi kachikasu, ngati papaya longoyamba kupsa.

Masiku amenewo mtundu sunali mtundu chabe. Chikasu chinali chipani. Wobiriwira chipani china. Buluu chinanso. Munthu asanagule ambulera ankayamba waganiza.

"Mwana wanga," anatero a Gerevazio, mawu ali pansi, "mwandilowetsa chipani."

"Ndi inki chabe, bambo."

"Inu mukuti inki. Kwathu sadzati inki."

Anakhala pa benchi. Anati m'tchalitchi chawo anthu sakhalanso monga kale, amayi uku abambo uku. Tsopano achikasu amakhala kumanja, obiriwira kumanzere, abuluu ochepawo kumbuyo pafupi ndi khomo. Apachibale amadutsana pa chitsime osapatsana moni. Kukagwa maliro, mbali inayo imabwera mochedwa, kapena osabwera n'komwe.

"Koma ine amandiitana onse. Ndine ndekha wotsala. Ndikaima pamanda, onse amagwada. Juzi yanga inali yobiriwira, amayi anu Jesinta anaitsekera pansi pa sutikesi. Ndimangozizidwa chonchi. Ndiye Lamulungu nsalu ichoke, anthu aone aphunzitsi avala chikasu? Maliro otsatirawo adzaika ndani?"

A Habib anaika kapu ya tiyi pambali pawo. Sanawaseke.

Ndinavula jekete. Ndinayamba.

Galasi ndi pepala sizimvana chinenero. Galasi lili ndi kuwala kwakekwake, limayaka kuchokera m'kati. Pepala lilibe kanthu, limangobwereka kuwala komwe lapeza. Ntchito ndi kuzigwirizanitsa. Ndinazimitsa getsi la chubu la kudenga. Ndinachepetsa kuwala kwa galasi, ndikuliyerekeza ndi pepala loyera lomwe ndinaligwira pambali pake. Kenaka ndinalowa m'mitundu ya pulinta. Posafuna kutha inki, ndinkasindikiza kachidutswa kokha: kolala, thumba, mabatani.

Ndinachotsako chikasu. Kachidutswa kanatuluka kozizira, kabuluu.

"Tsopano mwandisamutsira kwa akumbuyo aja," anatero aphunzitsi.

Ndinabwezako pang'ono, ndikuchepetsa kufiira. Kanatuluka ngati tsamba la kabichi.

"Eee, wafika kwa akumanzere!" anafuula a Habib. "Aphunzitsi, tsiku limodzi zipani zonse? Ngakhale andale satha chonchi."

"Khalani chete, a Shehe. Inu mkanjo wanu ndi woyera, palibe akufunsani."

Dzuwa linasuntha. Tebulo linadzaza ndi zifuwa za a Gerevazio, tizidutswa tambirimbiri, kalikonse ndi kuyera kwakekwake. Ndinkatenga kamodzikamodzi, kupita nako pakhomo, kukayang'ana pa kuwala kwa kunja, kubwerera ku galasi. Maso anayamba kunama. Ukayang'anitsitsa choyera nthawi yaitali chimayamba kusambira. Ndinkatseka maso, n'kumaona makolala akuuluka mumdima ngati akakowa.

Chakumadzulo kachidutswa kena kanagwirizana ndi galasi. Ndinakaonetsa a Habib. Anagwedeza mutu. Ndinakaonetsa mwini wake. Anakaika pachifuwa pawo, pamwamba pa thumba lenileni, ndipo sikanaonekenso.

Ndinasindikiza chachikulu. Malaya mbee. Tinachiika pakati pa makatoni, n'kumanga pa kaliyala ndi chingwe cha mphira. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kupalasa kulowa m'chifunga chomwe chinali chitayambanso kutsika.

Ine ndinalongedza chikwama. Malire a Mozambique anali pafupi, ndipo ndinali ndisanaoneko Tete.

Lachinayi m'mawa, ndikumanga nsapato, ndinamva belu la njinga.

"Asanduka," anatero a Gerevazio ali pakhomo. Moni sanapereke.

"Asanduka chiyani?"

"Malaya."

Anamasula makatoni. Ndinayang'ana. Oyera. Ndinapita nacho panja. Oyera.

"Kuno ndi oyera," anatero. "Panjira anali oyera. Kunyumba amayi anu anati ndi oyera. Dzulo tinakayesa pa msomali wake m'tchalitchi, titatseka chitseko. Chikasu chenicheni. Choposa choyamba chija."

"Mwina malayawo asankha okha," anatero a Habib.

Aphunzitsi sanaseke. Maso awo anali ofiira.

Ndinayang'ana chikwama changa. Ndinayang'ana tebulo. Ndinasesera tizidutswa tonse tija m'thumba la jekete.

"Tiyeni mukandionetse khomalo."

Tinakwera matola mpaka pa Bembeke, njinga ili pamwamba pa matumba. Kuchoka apo, wapansi. Njira inali yofiira, yoterera. Chifunga chinkatseguka pang'ono n'kutsekanso. Munda wa mbatata ya kachewere unkatulukira, n'kusowa. Amayi osenza makabichi ankabwera opanda miyendo, kutipatsa moni, n'kusungunuka kumbuyo kwathu. Kwinakwake ng'ombe inkalira, koma sindinaione. Ine mwana wa m'tauni, wozolowera kuona mathero a msewu, ndinkangotsata kulira kwa tcheni cha njinga.

"Simutopa kuyendayenda?" anandifunsa.

"Ndimatopa ndikakhala."

"Ine chibadwire ndili pano. Lilongwe ndinapitako kukaonetsa dzino."

Katchalitchiko kanali ka njerwa zootcha, pamwamba pa kamtunda. Panja panapachikidwa chitsulo cha gudumu la galimoto, ndilo belu lawo. Mayi wina wonenepa, wa duku lakuda, ankasesa pakhomo. Anali a Jesinta, akazi awo.

"Ndinu amene mwawapaka chikasu amuna anga?"

"Sindine, mayi."

"Nanga ndani? Lowani muone. Usiku wonse sanagone awa."

Tinalowa. M'kati munkanunkhira utsi wa makandulo ndi njerwa zonyowa. Mabenchi mbali iyi, mabenchi mbali iyo. Kutsogolo, pakati penipeni pa khoma, pamwamba pang'ono pa mpando wa katekisiti, panali msomali. Kuwala kofewa kunkatsikira pamenepo kuchokera kudenga.

Ndinakweza maso. Pakati pa malata panali lata limodzi la pulasitiki, loti kuwala kuzilowa. Kale liyenera kuti linali loyera. Dzuwa la zaka zambiri linalipsereza mpaka kukhala ngati uchi.

Ndinatambasula dzanja pansi pa kuwalako. Zikhadabo zinasanduka zachikasu. Ndinatulutsa mpango woyera. Chimodzimodzi.

"Si chithunzi, bambo. Ndi denga."

Anayang'ana m'mwamba, pakamwa pali yasa.

"Lata limenelo? Zaka zonsezi lili pomwepo."

"N'chifukwa chake simuliona."

"Nanga ine ndikaima apa, bwanji sanena kuti ndavala chikasu?"

"Inu mumayenda. Amakuonani panja, amakuonani pakhomo, maso awo amadziwa kale malaya anu. Chithunzi chidzabadwira pomwepa."

A Jesinta anatsamira tsache.

"Ndiye tichite bwanji?"

"Tisunthe msomali."

Onse awiri anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Msomali umenewo," anatero a Jesinta, "unatenga misonkhano. Muusunthire kumanja, akumanzere adzati mwawapatsa aja. Kumanzere, chimodzimodzi. Anachita kuyeza ndi chingwe."

"Tichotse lata."

"Latalo anapereka akumanja. Analikhoma akumanzere. Musaligwire."

Ndinakhala pa benchi. Kuwala kuja kunkatsika ngati madzi a tiyi, fumbi likusambira m'kati mwake. Ndinapisa dzanja m'thumba chifukwa cha kuzizira, ndipo ndinakhudza tizidutswa tija. Ndinatitulutsa. Ndinakwera pa mpando wa katekisiti n'kuyamba kuika kamodzikamodzi pansi pa msomali.

Koyera kanasanduka chikasu. Kobiriwira kanakhala ngati ndimu. Kenaka kabuluu kaja, kamene tinakakana poyamba. Ndinakagwira pakhoma.

Mbee.

"Mayi Maria!" anatero a Jesinta.

Ndinakatsitsa n'kupita nako pakhomo. Buluu. Ndinabwerera nako pansi pa lata. Koyera. Aphunzitsi ananditsatira uku ndi uku ngati mwana wotsata gulugufe.

"Ndiye mukuti mundisindikize wabuluu?"

"Wabuluu pang'ono. Denga lidzachapa."

"Nanga wina akandiona panjira?"

"Asakuoneni."

Panali vuto lina. Tili chiimire, chifunga chinakuta denga, kuwala kunafooka, ndipo kachidutswa kaja kanayamba kubwerera ku buluu. Dzuwa litatulukanso kanayera. Ndinawaonetsa.

"Nsalu idzachoke dzuwa lili pa lata. Osati chifunga chilipo."

"Misa ikamatha chimakhala chitakwera," anatero a Gerevazio. Anaima kaye. "Masiku ambiri."

Lachisanu ndinakhala pa kompyuta tsiku lonse. Kunali kovuta kuposa poyamba. Ndinkakonza chithunzi choti chioneke cholakwika pa galasi, cholakwika pakhomo, cholakwika paliponse kupatula pa msomali umodzi womwe unali kutali. Ndinkatseka maso n'kukumbukira uchi wa lata lija. Nkhope ndinaisamala kuti isafe. Chinatuluka. A Habib anachiyang'ana n'kubwerera m'mbuyo.

"Aphunzitsi ngati awavuula m'damu! Mukapereka chimenechi?"

"Chomwechi."

"Ine sindinachione. Dzina la situdiyo musalembepo."

Loweruka ndinapita nacho ndekha, chitakulungidwa m'makatoni. Tinachiika m'felemu chitseko chili chotseka. A Jesinta anachiphimba ndi nsalu yoyera ya paguwa, n'kumanga mfundo zolimba kumbuyo. Ndinagona kwawo, pa mphasa, pafupi ndi matumba a mbatata.

Lamulungu kunacha kopanda kucha. Chifunga chinali chitagona pakhomo penipeni. Belu linalira ngati lili pansi pa madzi. Anthu ankatuluka m'choyeracho mmodzimmodzi, ena ndi zitenje zachikasu, ena zobiriwira, aliyense kulowera mbali yake. Ine ndinakhala kutsogolo, kumapeto kwa benchi, maso ali kudenga.

Bambo mfumu anafika pa njinga yamoto. Wachinyamata, wachangu, ndipo anali ndi Misa ina kutsogolo. Analalikira mwachidule. Lata linali lotuwa. Chopereka chinadutsa. Lotuwa. Anthu analandira Ukaristia, nabwerera m'malo. Lotuwabe.

"Tsopano," anatero bambo mfumu, "tifike pa chimene tasonkhanira."

A Gerevazio anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu.

Anaimirira. "Bambo mfumu, pepani, pali zolengeza pang'ono."

Analengeza za ubatizo. Analengeza za kulambula kumanda. Anakumbutsa amene anabwereka khasu la tchalitchi kuti abweze, nafotokoza maonekedwe a khasulo, mpini wake, ndi mbiri ya amene anausema. Anthu anayamba kuyang'anana. Bambo mfumu anasuzumira pa wotchi. Zolengeza zinatha.

Lata linali lotuwa.

Wapampando wa tchalitchi ananyamuka kupita ku nsalu. Asanafike, a Jesinta anayambitsa nyimbo ali pakati pa anthu. Nyimbo yothokoza, yaitali, ya ndime zambiri. Amayi anailandira. Ng'oma inalowa. Wapampando anaima, dzanja lili m'mwamba, n'kuyamba kuomba nawo m'manja, nanga akanatani? Ndime itatha a Jesinta ankaibwereza. Akumanja ankayimba. Akumanzere ankayimba. Thukuta linatsika pansi pa duku lakuda. Mawu awo anayamba kusasa, koma sanasiye.

Sindidziwa kuti tinayimba nthawi yaitali bwanji. Ndinaona kaye fumbi. Linayamba kuoneka m'mwamba, timadontho tagolide tikutembenuka. Kenaka kuwala kunatsika khoma pang'onopang'ono, njerwa ndi njerwa, mpaka kunagwira nsalu.

Ndinagwedeza mutu. A Jesinta anadula nyimbo pakati pa ndime, n'kukhala pansi ngati thumba.

Wapampando analimbana ndi mfundo. Nsalu inagwa.

A Gerevazio anali pakhoma, manja kumbuyo, maluwa kumbuyo kwawo. Malaya mbee.

Maso onse anali pakhoma. Ndinkamva mame akudontha kuchokera ku malata.

"Ndi iwowo," anatero mayi wina kumanzere.

"Ndi iwo, koma makutuwo awonjezera," anayankha bambo wina kumanja.

"Awonjezera chiyani? Ndi momwe alili! Tayang'anani eni akewo!"

Mitu yonse inatembenukira kwa aphunzitsi, kenaka ku khoma, kenaka kwa aphunzitsi. Kuseka kunayambira kumanja, kunawoloka kanjira ka pakati, kunafika mpaka kwa a pakhomo. Nthungululu zinalira. Bambo mfumu anawaza madzi odalitsa mofulumira, chipewa cha njinga yamoto chili kale m'khwapa.

A Gerevazio anabwera kudzakhala pambali panga. Anagwira khutu lawo limodzi, maso ali pa chithunzi. Kenaka anandiweramira.

"Nanga Lamulungu la mitambo?" ananong'ona.

"Muzidzatalikitsa ulaliki."

Anaganiza pang'ono.

"Zimenezo ndimatha," anatero.